Nkhani Zitatu za Tadala

Akuti zinachitika ku Manje, madzulo a Lachinayi, magetsi atangothima.

Tadala ankakhala ndi amayi ake awiriwiri. Anali ndi pulojekiti ya pa intaneti yosonyeza makiyosiki amene ali ndi madzi, komanso ankalemba nkhani za m'dera pa bulogu yake. Kukopera nkhanizo pamanja kutamutopetsa, analemba kapulogalamu. Ola lililonse kankayang'ana pa bulogu, n'kuika nkhani zitatu zatsopano patsamba lofotokoza pulojekitiyo. Ina ikalowa pamwamba, yapansi inkagwa.

Tsikulo patsambalo panali nkhani za izi: pansi, okala ya a Feston. Pakati, kanjira kochokera pakhomo pawo kotsikira ku Chilobwe. Pamwamba, amayi ake.

Seveni koloko itakwana, tsamba linaphethira pa laputopu yake. Pamwamba panalowa nkhani yopanda mutu, yopanda wolemba. Ya okala inagwa.

Anati aifufute, foni n'kuti bandulo yatha.

"Amayi, ndikagule mayunitsi kwa a Feston."

"Feston wake uti?"

"Aokala aja! Mumagula sopo tsiku lililonse."

"Iwe, kompyutayo yakuzunguza mutu eti?"

Tadala anatuluka ndi tochi. Pamene panali okala panali udzu wofika m'mawondo, wonyowa ndi mame. Ngakhale msomali panalibe. Anabwerera chothamanga n'kutseka chitseko.

Anazimitsa laputopu. Koma ankadziwa kuti n'kungodzinamiza. Kapulogalamuko sikankakhala m'nyumbamo. Anakasiya pa makompyuta a kutali, kuti kazigwira ntchito ngakhale iye ali mtulo. Ankanyadira zimenezo.

Eyiti koloko foni inawala yokha, yopanda bandulo yomweyo. Nkhani ina yopanda mutu. Ya kanjira inagwa.

Anatsegula chitseko pang'onopang'ono. Khonde linalipo. Ndowa inalipo. Kupitirira apo, tochi sinkagwira kanthu. Kunalibe miyala, kunalibe nyali za ku Soche, ngakhale galu wouwa. Anaponya patapata lake. Sanamve kugwa kwake.

"Tseka, kukuzizira," anatero amayi, akusoka batani pa kandulo.

"Amayi, tituluke bwanji muno?"

"Kupita kuti? Ife tinayamba tapitapo kwina?"

Tadala anakhala pansi. Anayesa kuimitsa kapulogalamuko. Foni inakana. Anayesa kuimbira mnzake wa kusukulu. Zii. Chinthu chimodzi chokha chinkatseguka: malo olembera nkhani yatsopano.

Alembenso za amayi, abwerere pamwamba! Zala zinathamanga mpaka mawu omaliza. Kenako zinauma. Yatsopano ikalowa, yapansi igwa. Ndipo yapansi tsopano inali ya amayi omwewo. Adzatsala ati, a m'nkhani yakale kapena a m'nkhani iyi? Sankadziwa.

Kunatsala mphindi ziwiri kuti ikwane naini.

"Tadala, tandilowetsere ulusi, maso anga sakuona."

Anapita ndi foni m'dzanja limodzi, chala chili pamwamba pa batani lotumizira. Ndi linalo anagwira mkono wa amayi, zolimba.

"Iwe, ukundipweteka. Ndikuthawa ngati?"