Amene Anavala Galu wa Esnart

Dzuwa linali litafiira cha ku Zambia pamene Esnart anayamba kuwola mtedza umene anayanika pabwalo. Inali nyengo yozizira ya chaka chimene anthu anavota kachiwiri, fumbi la magalimoto a kampeni lisanakhazikike m'misewu ya ku Mkanda. Anathira mtedzawo m'matumba nakokera pakhonde, kenako anaponya makoko a mbatata pansi pa mango monga mwa masiku onse. Zinabwera kudzajompha ndi nkhuku zokha.

"Mudzatopa! Iwe Mudzatopa!"

Kunali zii.

Mudzatopa anali galu wofiirira, wa khutu limodzi logwa, ndipo phazi lake lakutsogolo linali ndi zala zitatu chifukwa china chinatsalira mumsampha wa waya. Anabwera naye ndi malemu Davie, mwamuna wa Esnart, ali kamwana kokwana m'thumba la jekete. Dzinalo analisankha Esnart mwini wake, kuti akamaitana galu madzulo abale a mwamuna wake azimva nawo. Iye anali wa chitengwa, mkazi wobwera pamudzi pa eni, ndipo Davie atamwalira ambiri ankadikira tsiku loti amange mitolo yake. Sanamange. Anatsala ndi munda, mwana wake wamkazi Yankho, ndi galuyo. Mlamu wake Alufeyo, mkulu wa malemuwo, amene ankatsogolera mapemphero pamudzipo, anabwerapo ndi nkhani ya chokolo, yoti amutenge akhale mkazi wake. Mudzatopa anamung'ambira buluku kumbuyo, nkhaniyo inathera pomwepo.

M'mawa mwake Esnart anapalasa njinga ya malemu kukafunafuna. Anazungulira m'minda momwe anthu ankakumba mtedza, anatsikira kudambo, anafika mpaka pamsika. Anyamata ootcha kanyenya anamuseka, ati ayang'ane bwino pachiwaya mwina amuzindikira. Iye sanaseke. Amene sanagonepo yekha m'nyumba ya wamasiye sangadziwe kuti kupuma kwa galu pakhomo kumatanthauza chiyani.

Madzulo ake anachita zimene amachita munthu woberedwa. Anamanga nsalu m'chiuno, nayenda pakati pa nyumba akufuula kuti aliyense amve.

"Inu amene mwatenga galu wanga, ndikunena ndi inu! Sindinadye kanthu ka munthu pamudzi pano ine. Bwezani! Mukapanda kubweza, tidzakumana, ndalumbira pa manda a mwamuna wanga!"

Zitseko zinali zotseka, koma makutu anali panja.

Pasanapite nthawi mudzi unayamba kununkha galu wonyowa. Mvula inali itasiya kalekale, udzu uli gwa, koma kukangoyamba mdima fungolo linkalowa m'nyumba ngati chigumula. Agalu ena onse analeka kuuwa. Ankalowa pansi pa nkhokwe, michira ili pakati pa miyendo. Anthu ankamva kukanda pachitseko, kwe, kwe, kwe, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mlendo wodziwa mwambo.

Woyamba anali Kwacha, mnyamata wokatenga sopo ndi zitenje ku Chipata pa njinga. Anadzuka ndi malo ozizira pachifuwa, onyowa ngati pomwe panyambitidwa. Anadandaula kuti kuzizirako kukulowa mkati, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Wachiwiri anali Consolata, mayi woyembekezera, nayenso chimodzimodzi. Kuzungulira nyumba zonse ziwiri anapeza mapazi a galu pafumbi, ndipo phazi limodzi linali la zala zitatu.

Pamaliro a Consolata, Alufeyo anaimirira ndi Baibulo m'khwapa, nkhope ili yachisoni kuposa ya mwini maliro.

"Ine sindikutchula munthu," anatero. "Koma phazi limeneli tonse tikulidziwa khomo lake. Ena amati galu wasowa, pomwe amubisa kuti azimutuma."

Amayi amene anakhala pafupi ndi Esnart anasuntha pang'onopang'ono mpaka anatsala yekha pamphasa. Anaganiza kuti akangomupeza galuyo n'kumumanga pakhomo poyera, milomo yonseyi idzatsekeka.

Choncho anapita kutali, ku maesiteti a fodya, kukafunsa matenanti m'zigafa zoyanikamo fodya. Ambiri anapukusa mitu. Mayi wina wa ku Thyolo anasiya kusankha fodya namuyang'ana mwamantha.

"Wofiirira? Wakhutu logwa?"

"Yemweyo! Munamuona kuti?"

"Anadutsa pano chisisira. Koma mayi, uja si galu."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Galu amayenda akununkhiza pansi. Uja amayenda pakati pa njira, mutu uli m'mwamba, akuwerenga nyumba."

Tsiku limenelo Esnart anafika kunyumba mdima utagwa chifukwa tcheni cha njinga chinaduka panjira. Yankho anamuchingamira akudumphadumpha ndi chimwemwe.

"Amayi, Mudzatopa anabwera! Anakanda pachitseko ndipo ndinamutsegulira!"

"Ali kuti?"

"Wapitanso. Anangondinyambita apa. Koma amayi, sanagwedeze mchira."

Esnart anagwira pachifuwa pa mwanayo. Panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anamufunditsa mabulangete onse, anasonkha moto, anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa. Kutacha anamubereka pa njinga kuthamangira kuchipatala, koma mwanayo anatsirizikira panjira, mutu uli pamsana pa mayi ake.

Pamaliro a Yankho analalikiranso ndi Alufeyo. Anthu ankanong'onezana kuti mfiti ikasowa nyama imadya wake yemwe. Esnart sanagwetse msozi, ndipo zimenezo anaziwerengeranso pa mlandu wake. Anthuwo sanadziwe kuti misozi yake inali itauma n'kusanduka chinthu china.

Atangometa maliro a mwanayo, Esnart anabwerera ku esiteti kuja. Mayi wa ku Thyolo anamulozera kwa Enoki, mlonda wa zigafa, bambo wowonda wa ku Nsanje amene ankati anaziwonapo zoterezi kwawo. Enoki anamvetsera akupichira fodya wake, osamuyang'ana kumaso.

"Galu wanu wavalidwa," anatero. "Munthu amagona kunyumba kwake ngati chipika, mwini wake ali m'galumo. Anasankha wanu kuti mapazi aziloza kwa inu. Tambala akamalira amayenera kukhala atabwerera m'thupi lake."

"Akapanda kubwerera?"

"Thupi limangokhala chigonere, anthu n'kumati wafa. Mukamasula galuyo thupi lisanakwiriridwe, aliyense abwerera kwake, inu mutenga galu wanu. Likangokwiriridwa, basi, khomo latsekeka."

"Nanga Mudzatopa wanga panopa ali kuti?"

"Zimenezo sindidziwa, mayi. Sindinafunsepo."

"Ndimugwira bwanji?"

"Mutu ndi wa munthu, koma mimba ndi ya galu. Ankakonda chiyani?"

Mudzatopa ankafera mbewa zowamba. Fungo la ubweya wopserera linkamuchotsa ngakhale pakati pa ndewu. Esnart anakumba mbewa m'munda mwake momwe, naziwamba m'khola lakale la mbuzi kuseri kwa nyumba. Pakhomo la kholalo anatchera khwekhwe la waya wa buleki ya njinga, nalimangirira ku mzati wa muwanga. Iye anabisala m'mbali mwa nkhokwe n'kumakupizira utsi kunjira.

Kum'mawa kutayamba kutuwa, fungo la galu wonyowa linafika. Kenako anamuona akubwera pakati pa njira, mutu uli m'mwamba, akufulumira ngati munthu wochedwa ku tchalitchi. Atafika pa utsi uja anaima. Mutu unkafuna kupitirira, koma miyendo inakhota yokha. Anayenda chokokeka, akulimbana ndi thupi, dovu likuchucha, mpaka khosi linalowa m'waya. Esnart anakoka ndi mphamvu zonse za mayi woferedwa.

Galuyo sanauwe. Anadzigwetsa, analuma waya mpaka m'kamwa munatuluka magazi, anayesa kumasula mfundo ndi mapazi akutsogolo monga achitira munthu ndi zala. Tambala analira. Wina anayankha kutsidya. Galuyo anaima chilili, maso ali kumtunda kwa mudzi.

Kumtunda komweko ndi kumene kunachokera mfuu. Anali mawu a Anastazia, mkazi wa Alufeyo.

"Mayo ine! Abambo a kunyumba sakudzuka! Thandizeni!"

Esnart anayang'ana galuyo, galuyo anagwetsa nkhope. Esnart anaseka kuseka koipa, kopanda chimwemwe m'kati mwake.

"Ha! Ndinu, alamu? Mwadzuka bwanji?"

Anawonjezera unyolo pa waya uja, natseka khola. Mumtima ankati amusunge pang'ono, alawe mantha amene analawa Yankho, kenako amumasule pamaso pa mudzi wonse kuti mtembo udzuke anthu akuona, iye atenge galu wake. Ankamufunadi galu wakeyo. Pa dziko lonse lapansi ndi yekhayo amene anatsala wodziwa fungo la Davie ndi la Yankho. Koma tsiku lonse la maliro linadutsa osamasula. Nthawi iliyonse akagwira mfundo, ankamva kulemera kwa kamutu kaja pamsana pake, dzanja n'kubwerera lokha.

M'mawa mwake adzukulu analawirira kumanda ndi makasu. Osambitsa mtembo anatuluka m'nyumba akuyang'anana. Ati thupi silinaume, manja akupindika ngati a munthu wogona, ndipo m'khwapa mukumveka kafundidwe. Anastazia atamva anagwada pamaso pa akuluakulu a banja.

"Tidikireko, chonde. Kapena tipite nawo kuchipatala akawaone."

"Mtembo wofewa umaitana wina," anayankha mkulu wa adzukulu. "Tikachedwa tilira maliro ena."

"Mawa lokha, bambo!"

"Dzenje takumba kale, mayi. Manda sagona opanda mwini wake. Mukufuna alowemo ndani, mwana wanu?"

Mwambo umenewo Alufeyo mwini wake anaukakamizapo pa maliro a anthu ena, ndipo panalibe woti autsutse lero.

Ananyamula bokosi dzuwa litapendeka. Esnart anatsatira pambuyo pa amayi, mpeni uli m'chiuno kuti akamasulire galu uja nthawi ikakwana. Kuchokera kumanda kufika kukhola kwake sikunali kutali, munthu wothamanga akanafika zingwe zisanatsitsidwe. Anakhala pansi pamalo pomwe ankaona bwino. Pambali pa dzenje latsopanolo panali kamtumbira ka Yankho, dothi lake lisanamere n'kaudzu komwe.

Pamene adzukulu ankatsitsa bokosi, munamveka kamawu. Kanali kakang'ono, kotsekeredwa ndi matabwa, kokwera kumapeto ngati funso. Ena anayesa kulira kwa zingwe, ena anayesa mwana wa kumsana. Esnart yekha anauma thupi lonse. Kulira kumeneko ankakudziwa ngati dzina lake. Ndi mmene Mudzatopa ankalirira akatsekeredwa panja nthawi yozizira, akupempha kuti amulowetse.

Ndiye kuti galu wake sanapite kutali. Anali m'bokosimo, m'thupi la munthu limene sankadziwa kuliyendetsa, mumdima, ndipo anali atamva fungo la mbuye wake pafupi.

Kamawuko kanabweranso, mokwezeka pang'ono. Mdzukulu wina amene anali m'dzenje anaweramira pabokosi, natchera khutu.

"Akuluakulu, tadikirani. Mwamva?"

Esnart anaimirira. Dzanja lake linali pa mpeni uja, miyendo itatembenukira kale kunjira ya kwawo. Akanathamanga, Mudzatopa akanagona pakhomo pake usiku womwewo. Alufeyo nayenso akanatuluka m'bokosi, nakhala ndi moyo, nadya, nakalamba, mwinanso nalalikira za kuuka kwake. Esnart anayang'ana kamtumbira ka Yankho kaja.

Kenako anatsegula pakamwa nayambitsa nyimbo ya maliro, mokweza kuposa mmene anaimbirapo chibadwire. Amayi anailandira, abambo anathira mawu awo okhuthala, ndipo nyimboyo inadzaza manda onse. Mdzukulu uja anayang'ana uku ndi uku, nachita manyazi, natambasula dzanja kuti amukokere kunja. Dothi linayamba kugwa. Esnart anaimba ndime ndi ndime, akumva ndi khutu limodzi kulira kuja kukucheperachepera pansi pa makasu, ndipo sanaleke mpaka mtumbira utaumbidwa. Ena anachita kuyamikira kuti wamasiye wa Davie ali ndi mtima wokhululuka.

Anafika kunyumba chisisira natsegula khola. Galu uja anali atakhala tsonga pakona, maso ali pa iye, ndipo m'maso mwakemo munali munthu wodziwa zonse zimene zachitika.

"Takuikani bwino, alamu," anatero Esnart. "Anthu anabwera ambiri, ndipo nyimbo ndinayambitsa ndine. Kuyambira lero kwanu ndi kuno. Sindikuphani, musaope. Agalu amakhalitsa akamasamalidwa, ndipo ine ndikusamalani."

Anakhoma unyolo pamzati ndi misomali ikuluikulu kuti pasadzapezeke wachifundo woumasula. Atatha anakhala pansi pafumbi, chofulatira kholalo, ndipo misozi imene inakana kutuluka pa maliro a mwana wake inatuluka tsopano. Analira mokweza, akuitana Mudzatopa, amene anamukwirira yekha ndi nyimbo. Kumbuyo kwake, chinthu chovala khungu la galu wakeyo chinayesa kunena kuti pepani, koma chimene chinatuluka kukhosi kwake kunali kuuwa.