Kampani Yobisidwa m'Dzina la Marcy

Kunyumba kwa a Harlan Stoltz, kwathu kuno ku Pennsylvania, chakudya sichinkadyedwa osapemphera. Mkuluyu anali ndi fakitale ya mipando, ndipo aliyense, kuyambira bwana mpaka wosesa, ankasungiridwa penshoni m'thumba limodzi. Chaka ndi chaka thumbalo linkayezedwa ndi boma, poti lamulo limakana kuti mabwana azinona antchito wamba akuuma.

Atakalamba, a Harlan anasiyira fakitale mwana wawo Wendell, mnyamata wamtima wosakhuta. Posakhalitsa iye anaganiza zogula kampani yochapa zofunda za m'zipatala, yodzaza amayi olandira tochepa. Koma makampani a mwini mmodzi amayezedwa pamodzi, ndiye amayiwo akanayenera kusungiridwanso penshoni. Izi zinamuwawa.

Royce, mnzake wa ku gofu, anamuseka. "Aise, ufere anthu ochapa zofunda? Lembetsa kampaniyo m'dzina la alamu, mkazi wako Marcy. Ya Marcy ndi ya Marcy, yako ndi yako."

A Harlan atamva, anamuitanitsa. "Mwanawe, paukwati munauzidwa kuti ndinu thupi limodzi. Ukuyesa boma limawerenga mosiyana? Ugwetsa thumba la anthu."

"Zachikale izo, adadi," anatero Wendell, maso ali pafoni.

Marcy anasaina pomukhulupirira mwamuna wake. Mayi wina wochapa, manja ali ong'aluka ndi sopo, atafunsa za penshoni, Wendell anamuuza kuti akafunse mwini kampaniyo. Nkhanza zake zinafika pamenepo.

Zaka zinadutsa kuli zii, mpaka oyeza a boma anatulukira. Sanakweze mawu. Anangofunsa Marcy kuti kampani yake amaiyendetsa ndani.

"Ine ndimangoidziwira pachikwangwani," anayankha. "Makiyi ali ndi amuna anga."

Basi, makampani aja anaphatikizidwa, thumba linalephera muyezo. Zindapusa ndi ndalama za penshoni zobwezera amayi aja zinameza fakitale, mpaka inagulitsidwa. Ogulawo anatseka thumba n'kuchotsa antchito, akalipentala amene anamunyamulapo Wendell ali khanda n'kukayamba kusaka ntchito ndi imvi. A Harlan anasiya mpando wawo wakutsogolo kutchalitchi, ndipo kuwaona atabisala kumbuyo kumandiwawa mpaka lero.

Marcy analongedza ulendo wa kwa amayi ake. Wendell ankafuna kuti iye ndi mkazi wake aziwerengedwa padera. Tsopano alidi padera.

Achinyamata, musamane wantchito chake, ndipo musabise dyera lanu kumbuyo kwa munthu wokukondani. Lidzamuluma iyeyo poyamba, inu n'kutsala nokha.