Mapilitsi a Anti a Angela

Pakhomo pa a Januario ku Chilomoni panali pokoma. Bambo ankasoka zovala pakhonde uku akuimba nyimbo za kwaya, mayi Helena ankagulitsa kaunjika kumsika. Chilema chinali pa mwana wawo wamkulu, Sheila, mtsikana waulesi woti ngakhale poyasamula ankafuna womuthandiza.

Loweruka lina, bambo atapita ku Limbe, kamlongo ka Sheila, Jonas, kanadzuka kakusanza.

"Iwe Sheila, upite naye kuchipatala mwanayu," anatero mayi ake atasenza belo. "Usamumwetse za anthu, wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha maso ali pafoni.

Posakhalitsa anatulukira Angela, mnzake wa pamseu, atanyamula meshi woti amuluke Sheila kumutu.

"Kuchipatala? Aise, mzere umene uja ukabwerako uli ndi imvi! Anti anga anasiya mapilitsi oletsa kusanza, ndili nawo pompano. Mupatse awiri, tiyambe zathu."

"Koma si a akuluakulu amenewo?"

"Mimba ndi mimba, iwe. Yamwana ili ndi zip?"

Sheila anaseka mpaka misozi, n'kumumwetsa mwana uja. Kusanza kunaleka ndithu, ndipo mtsikana wathuyo anayamba kudzitcha adokotala. Paja safunsa anadya phula.

Mutu utalukidwa mbali imodzi, Jonas anabwera akudzandira.

"Achemwali, mtima wanga ukudumphadumpha."

Sheila anaika dzanja pachifuwa pake. Mtima umathamanga, kuima pang'ono, n'kuthamanganso. Kenaka mwana anangoti khwefu, maso mwaa! Angela anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pamoto kwawo.

Ulesi unatha pomwepo. Sheila anabereka Jonas n'kuliyatsa liwiro osavala nsapato, meshi ukuuluka mbali imodzi, mpaka wanjinga yamoto anaima yekha osaitanidwa.

Kuchipatala anamumata Jonas timawaya pachifuwa n'kumuika diripi. Mayi Helena anafika ali wefuwefu.

"Mankhwala ena oletsa kusanza amasokoneza kagundidwe ka mtima," anatero dokotala, "makamaka kwa mwana amene watha madzi m'thupi, nanji mlingo wa munthu wamkulu! Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina. Anamupatsa ndani?"

Dzina la Angela linafika pamilomo, koma Sheila analimeza.

"Ndine. Ndinachita ulesi kubwera kuno."

Analira ngati kamwana, ndipo ine sindimuseka, chifukwa mantha amenewo ndi owawa. Madzulo Jonas anatsegula maso, n'kumuyang'anitsitsa mlongo wake.

"Achemwali, mutu wanuwo mwachita ngozi?"

Wodi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale mayi Helena amene anakonzeka kukalipa.

Inu achinyamata, Jonas anachira, koma si onse amene amadzuka kudzaseka tsitsi la alongo awo. Mwana akadwala pitani naye kuchipatala. Mankhwala olembera munthu wina angathe kuimitsa mtima wa mwana amene mumamukonda.