Mphuno ya Nachisale

Mphikadothi ankameza mankhusu a mpunga, utuchi ndi mchenga, n'kumalavula dothi lofewa m'timachubu, kachubu kalikonse ndi njere yake. Makinawa anafika ku Nchalo m'chaka cha 2071, udzudzu utasiya kuopa mankhwala onse. Chomwe unkaopabe ndi fungo la mpungabwi, ndiye nyumba iliyonse inkazunguliridwa ndi mpanda wa chitsambachi.

Mbande zodalirika zinali za Nachisale. Iye makinawo ankangowalola kudzaza machubu basi. Dothi linkayenera kukhala la pachulu, losakaniza ndi manyowa a mbuzi, ndipo okumba anali amuna ake, a Chimwaza. Vuto linali limodzi: Nachisale matenda anamupha mphuno kalekale. Choncho m'mawa uliwonse ankatikita tsamba n'kuwanunkhitsa amuna akewo.

"Bwanji, bambo a Tiya?"

"Eee, ukali wake!" ankatero a Chimwaza, uku akuyetsemula.

Chaka china mbande zinanenepa modabwitsa. Nachisale ananyadira, ndipo zokongola kwambiri anakabzala yekha kuzungulira nyumba ya mwana wawo Tiya, yemwe anali ndi khanda.

Mvula itangoyamba, khandalo linagonekedwa m'chipatala ndi malungo. Pochokera kozonda, Nachisale anaima pampanda paja. Udzudzu unali utatera pamasamba, phee, ngati pakwawo.

Anathamangira kunazale kwake.

"Iwe Mphikadothi, unathira chiyani m'machubu mwanga?"

"Dothi lopanga ine, mayi," anayankha makinawo ndi ulemu wawo wosatopa uja. "Muli chakudya chonse, ndipo siliuma. Koma mbande yosavutika imangonenepa, sipanga mafuta a fungo. Bambo atandiuza kuti ndithire dothi langali, ndinawachenjeza. Anati ndipitirize."

A Chimwaza anali pomwepo, maso pansi.

"Msana, mayi a Tiya. Chulu chija chalimba ngati mwala. Ndimati chaka chino chokha."

"Za msana ndikanamva. Tikanapeza wotikumbira. Nanga tsamba lija ndinkakununkhitsani m'mawa uliwonse?"

"Ndimaopa kukukhumudwitsani."

"Munkayetsemula, bambo a Tiya! Fungo palibe, inu n'kumachita kuyetsemula!"

Zinamupweteka Nachisale, zinamupweteka zedi. Ulesi akanaukhululukira, pajatu munthu amatopa. Koma uyu anali munthu amene anamubwereka mphuno, ndipo bodza lakelo analinyamula ndi manja ake iye mwini, n'kukalibzala pakhomo pa mdzukulu wake.

Khanda linatuluka m'chipatala lili moyo. Tiya anazula mpanda wonse, mbande zatsopano n'kukatenga kwa anthu ena. Amake sanamudandaule.

Masiku ano Nachisale amakumba chulu yekha. M'mawa amatikita tsamba, n'kuwadutsa amuna ake pakhonde, kukaliika pakabowo pomwe Mphikadothi amayezera mpweya, kuti amuuze ngati lili ndi fungo. Makinawo samuseketsa, samutchula mayi a Tiya, koma sanayetsemulepo mwabodza.