Mapointi a Pamlatho

Makanika anatseka galaja mochedwa, mtima utadzaza mkwiyo. Bwana wake, munthu wouma mtima ngati tayala lakale, anamukakamiza kumaliza giyabokosi ya lole, chikhalirecho mkazi wake anali ataimba foni kawiri kuti mwana thupi latentha ngati mbaula. Mwana mmodzi yekhayo, kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula. Mankhwala anali atagula masana, botolo lili m'thumba la ovolosi. Pofika pasiteji anapeza kuli zii, minibasi yomaliza itapita kalekale. Foni nayo moto unali utatha. Akanatani? Anangouyatsa wapansi.

Njira yachidule inkadutsa kuseri kwa fakitale yotsekedwa, kenako pamlatho wakale wopanda magetsi. Ali chapatali anaona chinthu chakuda chitaima pakati pa mlathowo. Inali galimoto yakalekale, ya mabampa achitsulo, zija anaziona komaliza ali mwana pagalaja ya bambo ake. Boneti inali yotsegula. Pambali panaima bambo wamtali wa jekete ndi chipewa, manja ali kumbuyo.

"Mapointi," anatero bamboyo, ndi moni womwe osapereka. "Ndakhala ndikudikira munthu wa manja akuda."

"Pepani bambo, ndili pachangu. Mwana akudwala kunyumba."

"Ikalira, ndikufikitsani. Kwanu n'kuti?"

Ulendo unali udakali wautali, miyendo italema, mwana akudikira mankhwala. Ndani akanakana? Makanika anayala zonse poyera: kuseri kwa thanki ya madzi, nyumba yachitatu, ya geti lobiriwira. Pakamwa, abale, pakamwa!

Analuma katochi ndi mano n'kuweramira mu injini. Anamasula timakilipi tiwiri, chivundikiro cha disitiribyuta, kabokosi ka moto wa injini, chinachoka. Anazula rota, kapulasitiki kozungulira kaja kamene kamagawira moto ku mapulagi, n'kukaponya m'thumba monga ankachitira masiku onse kuopa kuti kangagwe pansi. Mapointi anaonekera, timilomo tiwiri tachitsulo totseguka ndi kutsekeka. Tinali titapsa bii. Pamwamba pake panali ndere.

Ndere? Mu disitiribyuta?

Analibe nthawi yodabwa. Anatulutsa bokosi la machesi n'kuyamba kukwecha timilomoto ndi mbali yokhakhala, monga anamuphunzitsira bambo ake. Titawala, anapukusa injini ndi dzanja mpaka titayasama, n'kung'amba kakatoni ka bokosilo kuti ayezere mpata. Anamasula sikulu, kusuntha pang'ono, kumanganso. Ntchito imeneyi ankaidziwa ngati chikhatho chake.

Koma injiniyo inali yozizira. Osati kuzizira kwa galimoto yoima. Kuzizira kwa mwala wa mumtsinje.

Dontho linamugwera pakhosi. Tho! Lina. Kumwamba nyenyezi zili mbee, mvula kulibe. Madziwo ankachokera kuboneti. Ndipo bambo uja, ngakhale anaima pafupi phewa ndi phewa, sankamveka kupuma.

Makanika anatseka chivundikiro msangamsanga. "Tayesani, bambo."

Kamodzi kokha. Vuuu! Injini inalira mosalala ngati yatsopano. Mantha onse anabalalika, mtima unakhala pansi. Mwana amwa mankhwala posachedwa! Bambo uja anali kale pachiwongolero, ngakhale chitseko sichinamveke kutseguka.

"Kwerani."

Makanika anagwira chitseko. Dzanja linalo analipisa m'thumba kuti aone ngati botolo lilimo. Linalimo. Koma zala zinakhudzanso kanthu kena... kolimba... kozizira...

Rota!

Galimoto silira popanda rota. Silira! Ngakhale wongoyamba kumene kugwira sipana amadziwa zimenezo. Koma iyi inkalira. Anawalitsa tochi m'kati. Mipando inali nyowe. Madzi akuda ankayenderera pansi pa chitseko, kunyowetsa nsapato zake. Pampando wakumbuyo panali kabulangete ka mwana, koyalidwa bwinobwino. Mwana panalibe.

Bamboyo sanatembenuke. "Kwerani... tikamutenge mwanayo. Kuchipatala tachedwa."

Mayo ine! Makanika analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Tochi inagwa. Sanatole. Anapunthwa, anadzuka. Sanacheuke. Kumbuyo injini inkangolira, osasuntha, osazima.

Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kumenya chitseko ndi manja onse awiri. Mkazi wake anatsegula maso ali psuu ndi kulira. "Abambo ake, mpaka nthawi ino? Mwana akuthera m'manja mwanga!" Makanika anapisa dzanja m'thumba. Anangopereka botolo. Kamtsikana kanameza mankhwala movutikira, kanatsokomola, kenako kanagona pachifuwa cha mayi ake, kakupuma.

Pakona panakhala bambo ake a makanika, mdala amene anasiya masipana maso atachita khungu. Iwo tulo analibe. "Iwe, ukununkha matope a mumtsinje. Wadzera kuti?"

Makanika anangoika rota ija m'dzanja mwawo. Mdalayo anaisisita ndi chala, uku ndi uku, mpaka chala chinaima pa kamtanda kozokotedwa pansi pake. Nkhope yawo inagwa.

"Kamtanda aka ndinalemba ndine. Chilichonse chimene ndinkaika m'galimoto ya munthu ndinkachilemba chonchi. Waitenga kuti?"

"Pamlatho, bambo. Kwa bambo wina wamtali, wa chipewa."

"Mphunzitsi." Mdala anaitembenuza rota ija m'dzanja. "Anali kasitomala wanga. Usiku wina ankathamangitsira mwana wake kuchipatala, galimoto n'kumuzimira pamlatho pomwepo. Ali chiweramire mu injini, kunabwera lole yopanda magetsi. Zonse zinagwera m'madzi. Iyeyo tinamuvuula, bokosi lake ndinanyamula nawo ndi mapewa angawa, iwe usanayambe n'sukulu yomwe. Koma mwanayo sanapezeke."

Mkazi uja anafungatira kamtsikana kake zolimba.

"Zaka zonsezi wakhala pomwepo chifukwa galimoto siinkayenda," anapitiriza mdalayo. "Mwana wanga, usandiuze kuti waikonza."

Makanika anaweramitsa mutu n'kuyang'ana manja ake akuda.

"Nanga kuno... wamulozera?"

Asanayankhe, kuwala kwachikasu kunakwawa pakatani, kukwera khoma, n'kudzaima pankhope ya mwana wogonayo. Hutala inalira kamodzi, mwaulemu. Panja, pageti lobiriwira, injini yakale inkalira mosalala, osaphonya ngakhale pang'ono. Inali ntchito ya manja ake.