Wokwecha Mapoto pa Fulati ya Pamwamba

Ngati mukufuna kuchita manyazi kwa eni, yendani ulendo ndi mwamuna wosusuka. Mayi Lizzie anaziona zimenezi ku Mangochi, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani. Mpaka lero akamva wina akukwecha poto amadzuka n'kutuluka panja.

Ulendowo unali wa mlongo wawo Gilford. Makolo atamwalira, a Lizzie ndiwo anamulera mpaka anakhala mphunzitsi kwa Mponda. Kumeneko anapeza mbeta, Mwanabibi, mwana wa Asilamu. Akuchikazi ankamukayikira mnyamatayo. Iye analumbira kuti alowa chipembedzo chawo, mowa wasiya, nkhumba wasiya. A Lizzie, mayi wa Mvano, nkhaniyi inawawawa, koma anaimeza chifukwa cha mwana amene anamulera. Tsopano chinatsala n'chimodzi. A Lizzie akafika ku Mangochi, mawa lake akuchikazi amabwera kudzadya nawo, aone mtundu wa anthu ake, n'kupereka yankho.

Kachipinda ka Gilford sikanali kolandiriramo alendo. Choncho amuna awo a Lizzie, a Fanwell, anapempha makiyi kwa bwana wawo ku Blantyre. Kampani inali ndi fulati pamwamba pa nyumba yosanja, moyang'ana Shire. M'fulatimo kale munkagona azungu omanga msewu.

Koma nyumba imeneyo abale! Kapeti wofewa ngati ubweya wa mphaka. Mipando ya sofa, firiji, chitofu chamagetsi, bafa la matailosi obiriwira. Mbale, mafoloko ndi mapoto zinali momwemo. Chosowa chinali wophika yekha, chifukwa mlendo ankadziphikira. A Lizzie anavula nsapato pakhomo, mumtima akuti mawa anthu a kwa Mponda adziwa kuti Gilford si wotola.

Mlonda, a Jailosi, anawathandiza kukweza katundu. Pobwerera anaima pa masitepe.

"Phikani chilichonse, mayi. Koma nkhumba ayi. Mapoto a pamwambapa sagwirizana nayo."

A Lizzie anapsa mtima pang'ono. Akuwaona ngati ana? Ndani angabwere ndi nkhumba kudzafunsira mbeta kwa Asilamu?

Anapita kumsika kukagula mpunga ndi tomato. Pageti a Yufi, anyamata a chipani, anawachedwetsa, khadi ili pansi penipeni pa chikwama. Anabwerako kukuda. Amati tsoka silinunkha, koma limeneli linanunkha kuyambira pa sitepe yoyamba.

Anapeza a Fanwell ali kalikiliki m'khitchini, avala vesiti yokha, mafuta akuyenderera pachibwano. Nyama ya nkhumbayo anagula ku Limbe, n'kuikulunga m'nyuzipepala, n'kuibisa pansi pa malaya. Ndipo sanakazingire m'chiwaya. Anasankha poto wamkulu, yemwe uja wophikira mpunga wa alendo.

Kukalipa kunali kosatheka. M'munsimo ankati mumakhala munthu wa makutu aatali, woti ukatsokomola molakwika mawa ukayankha ku polisi. Ndiye mkangano wonse unachitika monong'ona.

"Bambo inu, mutu wanu ukugwira?"

"Aa, kanyama kochepa. Titsuka."

"Titsuka! Munatsukapo chiyani chibadwire?"

Gilford anali pawindo, akuyang'ana magetsi a pa mlatho. A Lizzie anamutembenukira.

"Iwe, wadyako?"

"Ine, achemwali? Fungo lokhalo likundichititsa nseru."

Anamukhulupirira. Anatsekula mawindo onse, udzudzu wa ku Shire n'kulowa mwaufulu. Anawiritsa madzi, natsuka potoyo ndi sopo mpaka mikono kuwawa. Anamununkhiza. Fungo linatha. Mumtima munawaluma ndithu, kuti mawa adyetsa anthu m'poto wotere osawauza. Koma akanena, ukwati watha. Anasankha kukhala chete.

Anatseka chitseko chakunja ndi kiyi, kiyiyo n'kuisiya pomwepo. Gilford anagona pa sofa pabalaza. Iwo ndi a Fanwell analowa kuchipinda.

Tulo tisanagwire bwino anamva.

Kweche. Kweche. Kweche.

Phokoso la munthu wokwecha poto ndi mchenga. Losathamanga. La munthu woidziwa ntchito yake.

A Lizzie anaganiza kuti chikumbumtima chawagwira a Fanwell. Anatambasula mkono, napeza mwamunayo ali pomwepo, akuliza mkonono. Ndiye ndi Gilford. Usiku uno ndithu? Wa makutu aatali uja akadzuka? Anamugwedeza mwamuna wawo.

"Mukumva?"

"Makoswe," anatero a Fanwell, n'kutembenukira kukhoma.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anadzuka okha, akung'ung'udza. Atagwira chitseko cha kuchipinda, phokoso linaleka.

Gilford anali pa sofa, ali m'tulo. Kiyi inali pamalo pake. M'khitchini anayatsa getsi. Munalibe munthu. Poto uja anali pansi, wovundikira, akunyezimira kuposa mmene anamusiyira. Pambali pake panali mulu wa mchenga wonyowa, wakuda, wosakanikirana ndi tizigoba ta nkhono. Mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje, pamwamba pa nyumba yosanja.

Mukuganiza kuti anaopa? Anakwiya. Matailosi a kampani! Akakalika, ntchito ya a Fanwell ili pamoto. Anatenga tsache, nasesa, akutukwana chamumtima aliyense amene amaseweretsa anthu otopa. Anazimitsa getsi n'kukagona.

Mutu usanafike bwino pa pilo, chinayambanso.

Ulendo uno mawu anali ena. Opyapyala. Mbale. Kenako foloko. Kenako mpeni. A Lizzie anagona chagada, akumvetsera, ndipo pang'onopang'ono anazindikira. Zimatsukidwazo sizinali zilizonse. Zinali zokhazo zimene zinakhudza nyama ija. Anamva firiji ikutsekulidwa. Anamva thabwa lodulira likukokedwa pansi.

Ayi, zinakwana. Anadzimangirira chitenje, nanyamula nsapato ya a Fanwell, n'kutuluka osayatsa getsi.

Mwezi unkalowa pawindo la khitchini. Pansi panali mayi. Wamfupi, wowonda, atafunda mpango mpaka kumsana. Anakhala chonyonyomala, atawapatsa msana. Dzanja limatapa mchenga, limazungulira m'mbale, limathira madzi, n'kuyambiranso. Zala zake zinali zong'aluka, zoyera ngati za munthu wakhalitsa m'madzi. Mpope unali wotseka, koma madzi ankamveka.

Pakamwa pa a Lizzie panatuluka mawu iwo asanaganize.

"Mayi, zimenezo ndatsuka kale ndi sopo!"

Dzanja linaima.

Mayiyo sanacheuke. Ananyamula mbale, nainunkhiza, naivundikira pafupi ndi poto. Kenako anatukula mutu. Ananunkhiza mpweya. Kumanzere. Kumanja. Ngati munthu amene akudziwa kuti chilipo chatsala.

Anayamba kuimirira.

Nsapato inagwa. A Lizzie sakumbuka mmene anafikira kuchipinda. Anangopezeka atakhoma chitseko, atatsamirapo msana.

"Bambo a Rose, dzukani! M'nyumba muno muli munthu!"

"Makoswe," anayankha a Fanwell.

Kunja kwa chitseko kunamveka mchenga ukuthothoka pa kapeti. Mapazi sankamveka. Mchenga wokha, pang'onopang'ono, ukuyandikira. Unaima. Pansi pa chitseko panadutsa kamphepo kozizira konunkha matope a mtsinje. Wina ananunkhiza pa bowo la kiyi, motalika.

A Lizzie anayang'ana mwamuna wawo, mimba yake ikukwera ndi kutsika m'tulo. Mulungu awakhululukire, mumtima anati mutengeni, mwini nyama ndi ameneyu.

Koma mchenga uja unadutsa. Unapita cha pabalaza.

Kunakhala zii.

Kenako, kweche. Kweche. Koma si chitsulo ayi. Mawu ake anali ofewa, onyowa. Pakati pake pankamveka kubuula kwa munthu amene wagwidwa pakamwa.

Anafuna kuitana Gilford. Mawu anakana. Anafuna kutsekula. Dzanja linalemera ngati mtondo. Anakhala pansi pomwepo, misozi ikutsika, akumva mwana amene anamulera akukwechedwa kuseri kwa chitseko. Sizinaleke mpaka azana, woitanira anthu ku mapemphero a mbandakucha, anamveka ku mzikiti wa kutsidya kwa msewu. Pamenepo zonse zinaduka.

Anatuluka kukuyera. Pa sofa panalibe munthu.

Anamupeza m'khitchini. Pansi panali mzere wabwinobwino: poto, mbale, foloko, mpeni, thabwa, zonse zovundikira kuti ziume. Kumapeto kwa mzerewo kunali Gilford, atagwada, chipumi chili pa matailosi. Anamudzutsa. Maso anali otsekula. Milomo inatupa, yofiira, yosupuka. Zala za dzanja lamanja zinalibe khungu kunsonga. Atayesa kulankhula, m'mano munamveka mchenga.

A Lizzie anamukumbatira. Kenako nzeru zinabwera, namukankha.

"Unadya! Galu iwe, unadya! Ndakhala ndikukulirira usiku wonse, iwe unadya!"

"Kachidutswa kamodzi, achemwali. Kotsanzikira."

"Kotsanzikira amako!"

Anaiwala kuti amake anali amayi awo omwe. Anaiwalanso za wa makutu aatali uja.

Go, go, go, pachitseko.

Anali Mwanabibi ndi mayi ake aang'ono, Abiti Dinala. Analawirira kudzapereka nkhuku zochinja kale mwa mwambo wawo, n'kuthandiza kuphika. A Fanwell, amene anali atangodzuka kumene, anawatsekulira mwaulemu wonse n'kuwalozera kukhitchini. Mwamuna ameneyu!

Panalibe chobisa. Abiti Dinala anayang'ana mzere uja. Anayang'ana milomo ya Gilford. Anawerama, natapa mchenga, naufikisa pakati pa zala. Mwanabibi anaponya nkhuku pansi n'kuphimba nkhope.

"Achemwali anga adutsa muno," anatero mayiyo.

A Jailosi anali atakwera, aima pakhomo chipewa chili m'manja. Ndi iwo anawanong'oneza a Lizzie zimene dera lonse linkadziwa. Mayi ake a Mwanabibi, a Mwanamvua, ankagwira ntchito m'khitchini yomweyi nthawi ya azungu aja. Azungu ndi nkhumba, tsiku ndi tsiku. Mayiwo ankasenza mchenga kuchokera kumtsinje, kukwera nawo masitepe, kukwecha mapoto mpaka zala kung'aluka. Anamwalira mwana ali wamng'ono. Chiyambire pamenepo, nkhumba ikakazingidwa pamwambapa, usiku amabwera kudzakwecha mapoto.

A Lizzie anaona ukwati ukugwa pamaso pawo. Anagwada pa mchenga pomwepo.

"Mayi, ndalakwa ndine. Ndimati ndikuphikireni m'poto ameneyu osakuuzani. Koma mwanayu walawa chabe. Wodya weniweni ndi awa, amaliza poto yense!"

Abiti Dinala anawayang'ana a Fanwell kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Milomo yawo inali yosalala, mafuta adzulo akadali m'ndevu.

"Awa si athu," anatero.

Anatembenukira Gilford, namugwira chibwano, nayang'ana m'kamwa ngati wogula mbuzi.

"Poto amene sukumufuna sumukwecha, umamutaya. Achemwali anga uyu amukwecha. Ndiye kuti amulandira. Ife tingakane ndife yani? Amalume a Mwanabibi ndikawauza ndekha."

Mwanabibi anachotsa manja kumaso. A Lizzie anaomba m'manja. Anayamba kuthokoza, koma mayiyo anali asanamalize.

"Kungoti ndimawadziwa. Ntchito sasiyira panjira. Azana ndi amene wawadula. Afika pa lilime pokha, nyamayo ili m'mimba."

Gilford anagwira pamimba ndi dzanja lake losupuka lija. A Lizzie anadzambatuka.

"Bambo a Rose, mangani katundu. Alendo akangodya tikuchoka. Mwana uyu sagonanso muno."

Abiti Dinala anatola nkhuku zija, nazikuntha mchenga, naziika mu sinki.

"Chokani, palibe choletsa. Koma athawira kuti, mayi? Kwathu kuno mkamwini amamanga nyumba pakhomo pa apongozi ake."