Mphete Yokana Kuvuka

Mphete ija inakana kuvuka. Mzime, monga ankamutchulira kwawo poti ndiye anali womaliza kubadwa, anaikoka n'kuipotokola, koma chala chinkangotupirabe. Anabisa dzanja m'thumba la juzi.

Anali m'sitolo ya miyala yamtengo wapatali, ataperekeza achimwene ake, amakaniko, omwe ankafuna mphete yopatsa mkazi amene anali pafupi kumukwatira. Mzime anangofuna kuvala imodzi kamphindi kuti adzijambule, anzake akusukulu akaone. Anaitola pathireyi ya mphete pamene achimwenewo ndi mayi wogulitsa anatembenukira ku nyale ya pakauntala.

"Taonani awiriwa, bambo," mayi wogulitsa ankatero, akuyendetsa miyala iwiri pansi pa nyaleyo. "Kukula n'kofanana, koma kadulidwe n'kosiyana. Dayamondi uyu anamudula mozama kwambiri, ndiye kuwala kukalowa kumathawira pansi, pakati pake n'kumaoneka bii. Winayu mbali zake zonse n'zolingana, kuwala kumabwerera m'maso mwanu."

Achimwene anasuzumira pa kagalasi kokulitsira zinthu. "Zoonadi, uyu akuchita kuphethira. Mzime, tabwera uone. Alamu ako angakonde uti?"

"Aliyense, achimwene," anayankha Mzime.

"Lero wasowa mawu? Iwe amene kunyumba umalongolola ngati wailesi?"

Mzime anayang'ana kukhomo. Chitseko chake chinali chagalasi lochindikala, chotseguka pokhapokha mlonda akadina batani. Kothawira kunalibe.

Mayi uja atabwerera ku thireyi, kumwetulira kunatha. Anakodola mlonda, ndipo mlondayo anaima pakhomo.

"Pepani, apa panali mphete," anatero mayiyo. " Palibe atuluke mpaka ipezeke."

Maso a mlonda anadutsa banja lovala bwino lomwe linali pakona, anamudutsanso Mzime, n'kukaima pa achimwene, pa zikhadabo zawo zakuda ndi oyilo.

"Bambo, tulutsani zonse za m'matumba."

Achimwene anapisa manja m'matumba. Munthu amene chibadwire sanatengepo ngakhale singano ya mwini anayamba kuyala zinthu zake pakauntala: makiyi, foni, kampango. Banja lija linkanong'onezana. Mzime anagwira mphete ija m'thumba. Ankangodziuza kuti mwina akakoka kamodzinso ivuka, aigwetse pansi anthu aziti inachita kugwa yokha. Anakoka mpaka misozi inalengeza. Sinasunthe.

"Vulaninso nsapato," anatero mlonda.

Achimwene anawerama n'kuyamba kumasula zingwe. Mzime sanathenso kupirira. Anatulutsa dzanja lija n'kulikweza.

"Asiyeni. Ili pano. Ndinaivala ndine, iwo sakudziwa kanthu."

Mayi wogulitsa anayang'ana chala chotupacho, napuma mozama, n'kukatenga sopo ndi ulusi. Anakulunga ulusiwo mothinitsa kuzungulira chala, n'kumasula pang'onopang'ono, mphete ikutsatira. Zinkawawa, koma Mzime analuma mlomo osabuula. Mphete itavuka, inasiya mzere wofiira.

"Mutikhululukire, bambo," anatero mayiyo. Mlonda anangowerama.

Achimwene anamanga nsapato n'kutolera zinthu zawo. "Mwandiphunzitsa bwino za kadulidwe, mayi. Koma lero sindigula."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Anayenda mpaka pamphambano.

"Achimwene, pepani," Mzime anatero motsitsa mawu.

Iwo anaima. "Zoti unavala mphete si nkhani, ubwana umenewo. Chandipweteka n'chakuti unandiona ndikukhuthula matumba ngati mbava, iwe uli chete."

Achimwene ananyamuka mwandawala, Mzime n'kumatsatira kumbuyo atagwira chala chake, akulira mosatulutsa mawu. Atafika poolokera msewu, anapeza kuti achimwenewo aima pomwepo kumudikira, ngakhale kuti kunalibe galimoto yomwe inkabwera.